Amos Tutuola: Mesenjala Amene Adalemba za Mudzi wa Akufa

Aliyense woyenda pamseu wochokera ku boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay amaona migwalangwa itaima m'mbali mwa njira, ndipo ife a kuno ku Nkhudzi tidaizolowera kotero kuti sitiiyang'ananso kawiri. Timadziwa zipatso zake, timadziwanso uchema umene anthu amatunga m'mitengo ya mtundu umenewu. Koma ndi owerengeka mwa ife amene akudziwa kuti chakumwa chomwechi chidatchukitsa pa dziko lonse lapansi dzina la munthu wina wa ku Nigeria, munthu amene adakhala m'kalasi zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Munthuyo ndi Amos Tutuola, amene adamwalira m'chaka cha 1997.

Mbiri yake ndaisankha chifukwa ikukhudza anthu a magulu awiri amene amawerenga tsamba lino: achinyamata amene sukulu idawathera panjira kapena amene angoitsiriza kumene, ndi ife aphunzitsi amene timagona mochedwa tikuchonga zimangirizo ndi cholembera chofiira. Ikukhudzanso funso limene silidathe mpaka lero. Kodi munthu wakuda akalemba za mizimu, za maiko osaoneka ndi maso, kapena za masiku a m'tsogolo, ndani amamuvomereza kuti ndi mlembi, nanga amamuvomereza liti?

Ubwana wake ndi sukulu yothera panjira

Tutuola adabadwa m'chaka cha 1920 m'mudzi wa Wasinmi, pafupi ndi mzinda wa Abeokuta, kumadzulo kwa dziko la Nigeria. Adali wa mtundu wa Ayoruba. Bambo wake adali mlimi wa koko, ndipo banja lawo lidali la Chikhristu, ngakhale kuti agogo ake aamuna, amene adali mmodzi wa akuluakulu a m'deralo, adali munthu wosunga miyambo ya makolo. Motero mwanayo adakulira pakati pa zinthu ziwiri: ziphunzitso za m'tchalitchi, ndi nthano za alenje, ziwanda ndi nyama zolankhula zimene Ayoruba amasimbirana madzulo monga momwe ifenso timachitira.

Popeza ndalama pakhomo zidali zosowa, mnyamatayo adapita kukakhala kwa munthu wina wogwira ntchito m'boma kuti azimutumikira, ndipo malipiro ake adali akuti bwanayo azimulipirira sukulu. Adayamba kuphunzira pa sukulu ya mpingo wa Salvation Army ku Abeokuta. Bwana wake atasamukira ku Lagos, iyenso adapita naye, koma moyo wa kumeneko udamukhalira wowawa chifukwa cha ntchito zambiri za pakhomo ndi kuchepa kwa chakudya, kotero kuti adabwerera kwawo nakapitiriza maphunziro pa sukulu ya mpingo wa Anglican. M'chaka cha 1939 bambo wake adamwalira, ndipo padalibenso wina womulipirira. Sukulu yake idathera pomwepo.

Ambiri mwa awerengi nkhani yotereyi akuidziwa, chifukwa ngakhale kuno kunyanja alipo anyamata anzeru amene adasiya kope nagwira nkhafi pa chifukwa chomwechi. Tutuola adayamba wayesa kulima koma sizidamuyendere. Adabwerera ku Lagos nakaphunzira kusula zitsulo, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira 1942 kufikira 1945, adagwira ntchito ya umisiri umenewu ku gulu la nkhondo la ndege la Angerezi, komweko ku Nigeria. Nkhondo itatha, ntchito nayo idatha. Adafuna kutsegula malo akeake osulirapo, koma mpamba udalibe. Potsiriza adalembedwa umesenjala ku dipatimenti ya boma yoona za ntchito ku Lagos, ndipo m'chaka cha 1947 adakwatira.

Pa benchi la mesenjala

Ntchito ya mesenjala timaidziwa. Munthu amakhala pa benchi kunja kwa ofesi kudikira kuti amutume, ndipo nthawi zina theka la tsiku limatha osaitanidwa. Tutuola, amene adazolowera kugwira nyundo, kukhala kotereku kudamutopetsa. Tsono adayamba kutenga mapepala nalembapo nthano zimene adazimva ali mwana, akuwonjezapo za m'mutu mwake. Sadali kudziwa mlembi wina aliyense, ndipo za njira imene zolemba zimayendera kuti zisanduke buku adalibe womulangiza.

Umboni wa kusadziwa kwakeko ndi zimene adachita m'chaka cha 1948. Adalembera kalata kampani ya Focal Press ya ku London, imene ntchito yake idali kusindikiza mabuku ophunzitsa kujambula zithunzi, kuifunsa ngati ingakonde nkhani ya mizukwa ya m'nkhalango za ku Nigeria pamodzi ndi zithunzi za mizukwayo. Eni kampaniyo adavomera, akufuna kuona kuti chithunzi cha mzukwa chimaoneka bwanji. Zitafika, adapeza kuti zidali zithunzi za zojambula pamanja. Adamupatsa tindalama pang'ono, naika zolembazo m'kabati. Nkhani imeneyi, The Wild Hunter in the Bush of the Ghosts, idagona momwemo zaka zoposa makumi atatu, mpaka pamene katswiri wina wa ku America, Bernth Lindfors, adaitulutsa m'chaka cha 1982.

Mesenjala uja sadagwe mphwayi. Adalemba nkhani ina, imene malinga ndi kufotokoza kwake adailemba koyamba m'masiku awiri okha, kenaka nakhala miyezi itatu akuikulitsa. Ataona m'magazini ina dzina la bungwe losindikiza mabuku a Chikhristu, United Society for Christian Literature, adaitumiza kumeneko. Bungwelo silidali kusindikiza nkhani za mtundu umenewu, koma lidachita chinthu chaulemu, pakuti silidataye zolembazo: lidazipereka kwa osindikiza ena. A Thomas Nelson adazikana. A Faber and Faber adazilandira, ndipo m'chaka cha 1952 buku la The Palm-Wine Drinkard lidatuluka ku London.

Za m'bukumo

Mwini nkhani ndi mwana wa munthu wolemera, amene kuyambira ali ndi zaka khumi sadadziwe ntchito ina koma kumwa uchema. Bambo wake adamupatsa munda wa mitengo 560,000 ndi munthu waluso womutungira, amene adali kudzaza mitsuko 150 m'mawa ndi ina 75 madzulo. Anzake adali kudzaza bwalo tsiku ndi tsiku. Koma bambo uja adamwalira, ndipo patangopita miyezi yowerengeka wotunga uchemayo adagwa mumtengo nafa. Uchema utatha, anzake onse adabalalika. Tsono chidakwacho chidanyamuka ndi zithumwa zake kupita ku Mudzi wa Akufa kuti chikamubweze wantchito wake.

Ulendowo udatenga zaka khumi, ndipo zimene adakumana nazo m'njira ndizo thupi la bukulo. Adakola Imfa mu ukonde naichotsa pakhomo pake, ndipo nchifukwa chake imangoyendayenda m'dziko lero. Adapulumutsa namwali wina amene adakana amuna onse a m'mudzi mwake natsatira mwamuna wokongola amene adamuona pamsika, osadziwa kuti miyendo, mikono, khungu ndi zonse za mwamunayo zidali zobwereka. Pobwerera kwawo adali kubweza chiwalo chilichonse kwa mwini wake ndi kulipira lendi, kufikira adatsala chibade chokha. Namwaliyo ndiye adakhala mkazi wa chidakwa uja, ndipo mwana wawo adabadwira ku chala chachikulu cha mayi wake. Ndalama zitawathera, mwamunayo adadzisandutsa bwato, mkazi wake napalasa kuwolotsa anthu pamtsinje, akulu kulipira mtengo wonse, ana theka. Pamalo pena adagulitsa imfa yawo nabwereketsa mantha awo pa chiwongoladzanja. Potuluka adatenganso mantha aja, kotero kuti adayenda ulendo wotsalawo akuopa zinthu zimene sizikadatha kuwapha.

Atafika ku Mudzi wa Akufa, kumene anthu amayenda chafutambuyo, adamupezadi wantchito wake. Koma wakufa sabwerera kukakhala ndi amoyo. Adangomupatsa dzira lotha kutulutsa chilichonse chimene munthu angapemphe. Pofika kwawo adapeza njala yaikulu, chifukwa Dziko ndi Kumwamba zidakangana polimbirana mbewa imodzi. Dzira lija lidadyetsa makamu a anthu, koma anthuwo atakhuta adaliswa posewera, ndipo adamuthawanso monga adachitira anzake a poyamba paja. Iye adalimata dziralo, ndipo ulendo uno lidatulutsa zikoti. Njala idatha pamene anthu adatumiza nsembe Kumwamba, mvula nkugwa.

Wowerenga mosamala aona kuti iyi si nkhani yotamanda mowa. Munthu amene adayamba ngati mlesi wodyera thukuta la wina adatsiriza ngati wodyetsa mudzi, ndipo chimene chidamusintha ndi mavuto a m'njira. Aonanso kuti Tutuola sadangokopera nthano za makolo. M'dziko lake la mizimu muli mapaundi ndi masheleni, lendi ndi chiwongoladzanja, mawotchi ndi mamailosi. Adatenga Lagos wa masiku ake namulowetsa m'nkhalango ya agogo ake, ndipo luso lake lagona pamenepo.

Kutamandidwa kunja, kunyozedwa kwawo

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mu Julayi 1952 mlakatuli wotchuka wa ku Wales, Dylan Thomas, adaliyamikira bukulo m'nyuzipepala ya Observer, ndipo anthu adayamba kulifunafuna. M'chaka cha 1953 a Grove Press adalisindikiza ku New York, ndipo chaka chomwecho Raymond Queneau adalimasulira m'Chifalansa. Pambuyo pake lidamasuliridwa m'zinenero zina zambiri. Limeneli lidali limodzi mwa mabuku oyamba a nkhani zopeka olembedwa ndi munthu wakuda wa muno mu Africa amene adawerengedwa kwambiri kutsidya kwa nyanja. Buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart, limene ambiri tidaliwerenga, lidadza patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1958.

Koma kutamandako tikuyenera kukuyang'anitsitsa. Asadasindikize bukulo, a Faber adayamba afunsa maganizo a katswiri wa maphunziro a miyambo ya mitundu ya anthu, ngati kuti chimene chidali m'manja mwawo chidali chinthu chofukulidwa pansi. Tutuola adawapempha kuti amukonzere Chingerezi chake, koma iwo adangokonza pang'ono, ndipo m'bukumo adaikamo chithunzi cha tsamba limodzi la zolemba zake za pamanja kuti owerenga adzionere okha. Ambiri mwa amene adalemba za iye ku Ulaya ndi ku America adamuyamikira monga momwe munthu amayamikirira mwana amene wanena chinthu chanzeru mosadziwa. Adamuona ngati liwu la Africa wosaphunzira, wa kuthengo. Mzungu akalemba za ziwanda ndi maiko osaoneka, adali kunena kuti ali ndi nzeru zopeka. Tutuola atalemba zomwezo, adati akungonena zimene anthu a kwawo amakhulupirira. Adamuona ndithu, koma sadamuone monga mmisiri.

Kwawo zinthu zidali zoipirapo. Ophunzira ambiri a ku Nigeria adachita manyazi ndi bukulo, ndipo m'chaka cha 1954 ena adalemba makalata odandaula m'magazini ya West Africa. Madandaulo awo adali atatu: kuti Chingerezi chake nchothyoka, kuti nthano zake nzodziwika kwa mwana aliyense wa Chiyoruba, ndi kuti adatapa zambiri m'mabuku a D. O. Fagunwa. Tisafulumire kuwaweruza anthu amenewa. Nthawi imeneyo Nigeria adali kumenyera ufulu wodzilamulira, umene adaulandira mu 1960, ndipo atsamunda adali kunena kuti anthu akuda sadakhwime nzeru. Kwa munthu amene adavutika zaka zambiri kuti alankhule Chingerezi chosalala, kuona Azungu akuombera m'manja Chingerezi cha mesenjala kudali ngati chipongwe. Mantha awo adali omveka. Kulakwa kwawo kudali kwakuti, poyang'ana nkhope za Azungu kuti aone ngati akuseka, adaiwala kuwerenga bukulo.

Dandaulo lachitatu lija lili ndi phunziro lake. Fagunwa adali mphunzitsi, ndipo mu 1938 adatulutsa buku la Ogboju Ode Ninu Igbo Irunmale, nkhani ya mlenje wolowa m'nkhalango ya mizimu. Nzoona kuti Tutuola adaphunzira zambiri kwa iye, monganso adaphunzira ku buku la John Bunyan lonena za ulendo wa Mkhristu. Ayoruba adamukonda Fagunwa kwambiri, koma popeza adalemba m'Chiyoruba, akunja sadamudziwe kufikira Wole Soyinka atamasulira bukulo m'Chingerezi mu 1968, mwini wake atamwalira kale mu 1963. Kuno kwathu zidachitikanso chimodzimodzi: Samuel Josia Ntara adamveka kunja chifukwa mbusa Thomas Cullen Young adamasulira Nthondo m'Chingerezi mu 1934. Tsono tikuona kuti kudziwika kwa mlembi sikudalira luso lokha. Kumadaliranso chinenero chimene walembamo, ndi munthu amene ali ndi makina osindikizira.

Mabuku ena

Tutuola adali munthu wofatsa ndi wamanyazi, ndipo m'mikangano yonseyi sadalowemo. Adangopitiriza kulemba. Mu 1954 adatulutsa My Life in the Bush of Ghosts, nkhani ya mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene adathawa ogwira akapolo nalowa m'nkhalango ya mizukwa, momwe adasokera zaka makumi awiri ndi zinayi. Ife a m'boma la Mangochi, kumene magulu a akapolo adali kudutsa popita ku gombe la kum'mawa, chiyambi cha nkhani imeneyi sitingachione ngati nthabwala.

M'buku limeneli muli mzukwa wina wamkazi amene chikhatho chake chidali ngati wailesi ya kanema. Atatambasula dzanja, mnyamata uja adaona mudzi wa kwawo ndi amayi ake. Chodabwitsa nchakuti wailesi ya kanema idayamba ku Nigeria mu 1959, mumzinda wa Ibadan, patapita zaka zisanu bukulo litatuluka. Munthu amene ena adamutcha wa kuthengo adali ataika kale m'nkhani yake makina amene dziko lake lidali lisadawaone. Lero aliyense wa ife amayenda ndi lamya m'chikhatho naonapo nkhope ya mbale wake ali ku Johannesburg.

Adatsatiza ndi Simbi and the Satyr of the Dark Jungle mu 1955, The Brave African Huntress mu 1958, Feather Woman of the Jungle mu 1962, ndi Ajaiyi and His Inherited Poverty mu 1967. M'mabuku awiri oyamba mwa amenewa, woyenda ulendo woopsawo ndi mkazi, chinthu chimene chidali chosowa m'mabuku a masiku amenewo. Kutchuka konseku sikudamulemeretse. Mu 1956 adalowa ntchito yosunga katundu ku nyumba youlutsa mawu ya Nigerian Broadcasting Corporation, ndipo chaka chotsatira adasamukira ku Ibadan. Kumeneko adali mmodzi wa oyambitsa bwalo la alembi ndi amisiri lotchedwa Mbari. Komabe pamene alembi a mu Africa olemba m'Chingerezi adasonkhana ku Makerere, ku Uganda, mu 1962, msonkhano umene David Rubadiri wa kuno kwathu adakhalapo, Tutuola padalibe. Chaka chotsatira Obi Wali adadzudzula zimenezi m'magazini ya Transition.

Ulemu wochedwa

Mawu a akulu akoma akagonera. Oyamba kumulandira kwawo adali anthu wamba, pamene katswiri wa zisudzo Kola Ogunmola adasandutsa nkhani ya chidakwa uja kukhala sewero la nyimbo m'Chiyoruba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo anthu adalikonda. Pambuyo pake ophunzira nawo adayamba kubwerera m'mbuyo. Taban lo Liyong adamuikira kumbuyo pa nkhani ya Chingerezi, ponena kuti alembi otchuka a Chizungu nawonso adathyola malamulo a chinenero ndipo palibe adawanyoza. Mu 1977 Chinua Achebe adakamba nkhani pa yunivesite ya Ibadan, momwe adaonetsa kuti bukulo ndi chiphunzitso chozama chokhudza ntchito ndi ulesi, ndi malire amene munthu sayenera kulumpha. Mu 1979 yunivesite ya Ife idamuitana Tutuola kukakhala nawo monga mlendo wochita kafukufuku, ndipo mu 1983 adapita ku Iowa, ku America, kukakhala pamodzi ndi alembi a maiko osiyanasiyana. Munthu wa zaka zisanu ndi chimodzi za sukulu adakhala pa mpando umodzi ndi maprofesa.

Atakhala chete zaka khumi ndi zinayi, adatulutsanso The Witch-Herbalist of the Remote Town mu 1981, Pauper, Brawler and Slanderer mu 1987, ndi The Village Witch Doctor and Other Stories mu 1990. Adamwalira ku Ibadan pa 8 Juni 1997, atadwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ali munthu wosauka. Zambiri mwa zolemba zake za pamanja zikusungidwa ku yunivesite ya Texas, mumzinda wa Austin, kutali ndi kwawo. Mu 2014 a Faber adasindikizanso mabuku ake, ndipo mawu otsogolera a The Palm-Wine Drinkard adalemba ndi Wole Soyinka.

Amene adadza pambuyo pake

Nkhani za zodabwitsa, za sayansi ndi za m'tsogolo zili ndi mphotho zakezake. Yotchuka kwambiri, ya Hugo, idayamba kuperekedwa mu 1953, chaka chimodzi buku la Tutuola litatuluka. Koma padapita zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu kuti munthu wakuda alandire mphotho imeneyi pa buku lalitali: ameneyo ndi N. K. Jemisin wa ku America, mu 2016, amene adailandiranso mu 2017 ndi mu 2018. Asadafike iye, Samuel Delany ndi Octavia Butler adali atalimbana ndi khomo lomweli kwa zaka zambiri, pafupifupi okhaokha.

Kuno ku Africa njira imene Fagunwa ndi Tutuola adalambula yadutsamo ambiri. Ben Okri adalandira mphotho ya Booker mu 1991 ndi The Famished Road, nkhani ya mwana wokhala pakati pa dziko la amoyo ndi la mizimu. Nnedi Okorafor adalandira World Fantasy Award mu 2011. Tade Thompson, Myoruba mnzake wa Tutuola, adalandira mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2019, ndipo mu 2020 idapita kwa Namwali Serpell wobadwira ku Lusaka, chifukwa cha buku lake la The Old Drift. Chinthu china chachikulu nchakuti alembi a mu Africa adaleka kudikira kuti akunja awaone: adakhazikitsa bungwe lawo, African Speculative Fiction Society, limene lidayamba kupereka mphotho za Nommo mu 2017. Pa mndandanda wa opikisana a chaka choyambacho padali Amalawi awiri: a Shadreck Chikoti ndi buku lawo la Azotus the Kingdom, lonena za Africa wa zaka mazana asanu zikudzazo, ndi a Muthi Nhlema ndi nkhani yawo ya Ta O'Reva. Kodi ndi angati mwa ife aphunzitsi amene tidawerengako mabuku amenewa, kapena kuwatchula m'kalasi?

Nkhani za mtundu umenewu si zachilendo kwa ife. Mbalame ija yoimba m'buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, imene idaulula imfa ya munthu wophedwa ndi mbale wake, ndi ya dziko lomwelo. Malemu Steve Chimombo adakhala moyo wawo wonse akulemba za Napolo ndi Mbona. Kuno kunyanja kwathu, Mwala wa Mphini uli ndi nkhani zake, ndipo msodzi aliyense wachikulire ali ndi zimene amasimba za usiku wa pamadzi. Chuma chilipo, chosowa ndi ochilemba, ndi ochilemekeza chikalembedwa.

Cholembera chofiira

Ndiulule kulakwa kwanga. Chaka china ndidauza ophunzira anga a Fomu 2 kuti alembe chimangirizo cha Chingerezi chonena za ulendo umene sadzauiwala. Ambiri adalemba za basi ya ku Blantyre. Mnyamata wina, mwana wa msodzi, adalemba za bwato limene lidakokedwa ndi chilimira kupita pansi pa nyanja, kumudzi wa anthu omira, kumene amalume ake adamulandira koma adamuletsa kudya nsima ya kumeneko kuti angalephere kubwerera. Chingerezi chake chidali chothyokathyoka. Ndidafiiritsa tsamba lonse, ndidamupatsa malikisi ochepa, ndipo pansi pake ndidamulangiza kuti azilemba zinthu zoona. Chaka chotsatira sadabwerenso kusukulu chifukwa cha fizi. Zimangirizo za basi zija ndidaziiwala zonse, koma mudzi wa anthu omira uja ndikuukumbukirabe. Ine amene ndidawerenga Tutuola ku yunivesite ndidachita zomwe adachita olemba makalata a mu 1954.

Sindikunena kuti tileke kuphunzitsa malamulo a chinenero. Mayeso amawafuna, ndipo Tutuola mwini adalakalaka Chingerezi chabwino, nchifukwa chake adapempha kuti amukonzere. Chimene ndikupempha aphunzitsi anzanga nchakuti pochonga tiziona zinthu ziwiri. Cholakwa cha galamala tichikonze, pakuti chimenecho chimakonzeka m'teremu imodzi. Koma tikapeza mwana amene maso ake amaona zimene anzake saona, timuuze kuti ali ndi mphatso, chifukwa imeneyo palibe mphunzitsi angaiike mwa munthu. Tisadikire kuti wa ku London ayambe wamuyamikira. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu, kapena amene idakutherani panjira, mbiri iyi sikulonjeza chuma, pakuti Tutuola adafa wosauka. Ikungoonetsa kuti satifiketi ndi nzeru zopeka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zolemba zake zoyamba zidagona m'kabati zaka makumi atatu, zachiwiri zidakanidwa kawiri, ndipo zitatuluka abale ake adachita nazo manyazi. Koma iye adalembabe kufikira ukalamba. Muli ndi Chichewa, ambiri muli ndi Chiyao, ndipo Chingerezi chanu nchoposa chimene iye adali nacho. Agogo amene akudziwa nthano za nyanja ino akutha mmodzimmodzi. Kope la masamba makumi anayi likupezeka pa golosale iliyonse, ndipo nthawi yodikira kuti mwera uleke ndi yaitali kuposa imene mesenjala uja adali nayo pa benchi lake.